Dzanja likamanjenjemera: musawasiye pamkeka

Zikomo a Gulupu, mafumu, amayi ndi abambo. Nonse mwamva za agogo aja a kutsidya kwa mtsinje amene ana akhala akuwathawa, ati ndi mfiti chifukwa dzanja limanjenjemera ndipo nkhope siimwetulira. Si ufiti, si kachasu. Ndi matenda a Parkinson, dzina la dokotala wa ku London amene anawalongosola mu 1817. Mu ubongo mumachepa dopamine, chinthu chimene chimathandiza thupi kuyenda mofewa. Sachizika, koma mankhwala a levodopa amathandiza, ndipo ntchito yotsalayo ili kunyumba.

Chimene chimatilakwitsa ndi chifundo. Mumawayalira mkeka padzuwa, kuwadyetsa, kuwaveka, kuwalanda ngakhale lichero. Ndi kuzizira kwa ku Dedza kuno, pofika Julaye miyendo yauma gwa. Musawasiye pamkeka! A fizio, achipatala ophunzitsa odwala mafizo olimbitsa thupi, amafuna aziyenda tsiku ndi tsiku, mphindi 20 kapena 30, mapazi ataliatali, mikono ikugwedezeka. Azitongola chimanga, azisankha nyemba. Akachedwa, dikirani.

(Mayi wina: "Nanga akangoima pakhomo, mapazi atamatirira pansi, tiwakoke?")

Ayi mayi, musawakoke. Mukakoka dzanja, thupi limapita kutsogolo mapazi n'kutsala, ndiye kugwa kumeneko, mwina n'kuthyoka m'chiuno. Kumatirira kwa mapazi kumachitika malo opanikiza, pakhomo kapena potembenuka. Auzeni aime kaye, awongoke, apendekere kumanja, kumanzere, kenako muwerenge mokweza: wani, thuu, wani, thuu. Kapena jambulani mzere ndi khala kutsogolo kwa phazi, muwauze aponde kutsogolo kwa mzerewo. Ubongo ukaona mzere kapena ukamva kugunda ngati kwa ng'oma, phazi limanyamuka. Potembenuka azizungulira motakasuka, asapotoloke pamalo amodzi. Musawakoke, mwamva?

Ndikuona ena ayamba kuyang'ana kudimba, ndifulumire. Mawu amachepa, choncho aziyimba nyimbo za kutchalitchi mokweza m'mawa uliwonse. Podya akhale tsonga, mbamu zing'onozing'ono, ndipo asagone mpaka patatha mphindi 30. Akamatsamwa ndi madzi kawirikawiri, kauzeni achipatala, chakudya chikalowa m'mapapo chimabweretsa chibayo. Kapu ikhale ya chigwiriro, yosadzaza. Masamba ndi madzi ambiri, chifukwa amadzimbidwa. Levodopa amwe pa nthawi yake, mphindi 30 asanadye, popeza nyama ndi nyemba zimatha kumufooketsa. Podzuka akhale kaye pansi, chizungulire chithe. Njira ya kuchimbudzi muchotse miyala. Mukapita kuchipatala cha boma kukatenga mankhwala, mufunse kuti a fizio akupezeka tsiku liti.