Mawu a M'mawa: Linga la ku Viscri

"Dzina la Yehova ndilo linga lolimba; wolungama athamangiramo napulumuka." (Miyambo 18:10)

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Vesi la lero ndinayamba kulimva bwino nditafika ku Viscri, mudzi wa m'chigawo cha Transylvania m'dziko la Romania, kumene ngolo zokokedwa ndi akavalo zikadayendabe, atsekwe amadya msipu m'mbali mwa msewu, ndipo madzulo ng'ombe zikamachokera kubusa iliyonse imakhota yokha n'kukaima pachipata cha kwawo. Pamwamba pa kaphiri, kumtunda kwa nyumba zonse, pali tchalitchi chozingidwa ndi makoma oyera ndi nsanja zake, moti munthu akachiona koyamba amayesa malo a asilikali.

Amene anachimanga motero ndi alimi olankhula Chijeremani otchedwa Asakisoni, omwe anayamba kufika m'derali m'zaka za m'ma 1100 ataitanidwa ndi mfumu Géza II ya ku Hungary, imene inkalamulira derali pa nthawiyo. Mu 1241 ankhondo a ku Mongolia anasakaza dzikolo, ndipo m'zaka za m'ma 1400 magulu a nkhondo a Aturuki ankabwera kawirikawiri kudzafunkha ndi kugwira anthu ukapolo. Anthu a kumudzi analibe chuma chomangira mpanda wozungulira mudzi wonse monga ankachitira a m'mizinda, choncho anasankha nyumba imodzi yoti onse aziitchinjiriza ndi kutchinjirizidwa nayo, ndiyo nyumba ya Mulungu. Ife mawu akuti linga si achilendo kwa ife, pakuti makolo athu nawonso ankamanga malinga ndi kuthawira m'mapiri monga la Nkhoma pa nthawi ya nkhondo za Angoni ndi ya ogula akapolo.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi nsanja imodzi ya m'khoma, imene ankasungiramo nyama ya nkhumba yothira mchere. Banja lililonse linkapachika nyama yake m'menemo itadindidwa nambala ya nyumba yawo, ndipo chitseko chinkatsegulidwa Lamlungu m'mawa kuti aliyense adule yokwanira sabata imeneyo. Tirigu nayenso ankasungidwa m'mabokosi akuluakulu amatabwa mkati mwa linga lomwelo. Ndinaima m'chipindamo ndikuyang'ana mitanda ya kudenga pamene ankakolekapo nyama, ndipo ndinazindikira kuti mayi wa m'mudzimo ankakwera kaphiri kaja sabata ndi sabata, kaya kuli nkhondo kaya kuli mtendere, chifukwa chakudya cha ana ake chinali kumeneko. Tsiku limene belu lalira kuchenjeza za adani, mapazi ake ankadziwa kale njira ngakhale mu mdima, ndipo polowa pachipata sanali mlendo wopempha malo, pakuti zake zinali kale mkatimo.

Ku Prejmer, pafupi ndi mzinda wa Brașov, nzeru yomweyi anaifikitsa patali: mkati mwa khoma la tchalitchi muli zipinda zoposa 270 zosanjikizana, ndipo chitseko chilichonse chili ndi nambala yofanana ndi ya nyumba ya banjalo kumudzi. Munthu asanabadwe n'komwe, chipinda chothawiramo cha banja lake chinali chilipo kale.

Solomo akuti wolungama "athamangiramo", ndipo munthu amathamanga molunjika pa njira imene anaiyendapo kale. Ambiri a ife timakumbukira pemphero pamene dokotala watiuza zotsatira zoopsa, pamene ntchito yatha, kapena pamene mwana wagwidwa ndi apolisi, ndipo Mulungu mwa chifundo chake amatimvera ndithu ngakhale pamenepo. Sindikufuna kuti wina amene ali m'masautso m'mawa uno aganize kuti wachedwa. Komabe ndaona kusiyana pakati pa mtima umene unazolowera kulowa pamaso pa Mulungu masiku abwino ndi mtima umene ukufunafuna chipata utsi uli kale m'maso. Woyambayo amakhala ndi chakudya chimene anasunga: salimo limene analiloweza ali mwana ku Sande Sukulu, chikumbumtima cha mmene Ambuye anamudutsitsira chaka cha njala, komanso abale a mumpingo amene amadziwa dzina lake ndi khomo lake. Makoma a ku Viscri anamangidwa ndi alimi amene anali ndi minda yowadikira, koma anapatula masiku a mtendere kuti asenze miyala, chifukwa adani akaonekera pachitunda nthawi yomanga imakhala itatha.

Anthu a m'midzi imeneyi analowa mpingo wa Lutheran m'zaka za m'ma 1500, ndipo salimo limene Martin Luther ankalikonda, la 46, liyenera kuti linkamveka mwa mtundu wina likamawerengedwa m'kati mwa makoma amenewo: "Mulungu ndiye pothawirapo pathu ndi mphamvu yathu, thandizo lopezekeratu m'masautso." Ulamuliro wa Ceaușescu, mtsogoleri wa dziko la Romania, utagwa mu 1989, Asakisoni ambiri anasamukira ku Germany, ndipo ku Viscri kunatsala owerengeka okha. Mu 1999 bungwe la UNESCO linaika mudziwu pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse, alendo amabwera kudzajambula zithunzi, koma mabenchi ambiri a m'tchalitchimo alibenso eni ake. Makomawo anatsala pakaphiri paja, pamene Mulungu amene ankamupembedza m'menemo anapita nawo limodzi kulikonse kumene anakakhala, monga amachitira ndi abale athu amene ali ku Johannesburg kapena ku London.

Tiyeni tipemphere. Atate wakumwamba, tilandireni m'mawa uno pamene kunja kuli bata, ndipo tiphunzitseni njira ya kwa Inu kufikira mapazi athu ataizolowera. Kumbukirani amene adzuka lero ali m'chipatala, ali pamaliro, kapena ali m'dziko la nkhondo, muwatsegulire chipata chanu. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.