Makalata a omvera: kudzola anthu a pa TV ndi ntchito?

Tiyeni tilowe m'makalata. Yoyamba yachokera ku Ndirande, mtsikana ameneyu wati tisamutchule dzina. Akuti: "Ankolo, ine ndimagwira ntchito mu saluni, ma wikendi ndimapanga mekapu a akwati ndipo anthu amandiyamikira. Ndikufuna ndizidzola owerenga nkhani pa TV ndi a mafilimu koma mayi anga akuti zimenezo nzachibwana. Ndiyambire pati?"

Achemwali, mayi muwauze mwaulemu kuti ntchitoyi ilipo ndithu, mpaka ku ma Oscar, mphoto zikuluzikulu za mafilimu za ku America, ili ndi mphoto yakeyake. Rick Baker ndi amene anayamba kuiwina mu 1982 ndipo anaitenga ka 7, kenako mu 2021 Mia Neal ndi Jamika Wilson anakhala azimayi achikuda oyamba kuilandira. Koma musanamizike, mkwati ndi owerenga nkhani nzosiyana. Mkwati amafuna aliyense aone kuti wadzola, pomwe ku studio mwakhoza ngati oonera sanazindikire kuti munthuyo wapakidwa kanthu. Magetsi a mu studio amatentha, munthu amatuluka thukuta chipumi nkuyamba kunyezimira, ndiye inu mumaima kuseri kwa kamera ndi paudala ndi tishu, akangoti break mwathamangira kale. Abambo nawonso amapakidwatu, olo aja amakana poyamba kuti ine zimenezo ayi. Ndipo phunzirani kusakaniza foundation, zodzola zija zofanana ndi mtundu wa khungu, khungu lathuli lili mitundumitundu, mukalakwitsa munthu amaoneka wotuwa ngati wagwa m'phulusa, nkhope ina khosi lina, makamera a masiku anowa sabisa kanthu.

Poyambira ndi pomwe mulipo. Funani anyamata ojambula mavidiyo a nyimbo ndi masewero, athandizeni olo ndalama ikhale yochepa, ntchito iliyonse muzijambula pafoni kuti mukhale ndi chokaonetsa. Saluni musasiye msanga, za mafilimu kuno zimabwera mwa apo ndi apo. Maburashi muzitsuka, chonde, mungagawire anthu matenda a maso.

Yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Kasungu, akufunsa mwachidule kuti magazi ndi mabala a mufilimu amakhala enieni kodi?

Ayi bambo, akanakhala enieni bwenzi osewera atatha kalekale. Magazi aja ambiri amapanga ndi manyuchi a shuga kuthiramo kala yofiira ya zakudya ndi ka buluu kapena ka koko pang'ono kuti ade, chifukwa ofiira kwambiri amaonekeratu kuti ngabodza. Mabala amaumba ndi latex kapena silicone, zinthu zofewa ngati labala, nkumata pakhungu. Chovuta si kuumba kwake, koma kubwereza. Filimu sajambula motsatana, sini ya ndewu atha kujambula Lolemba, ya kuchipatala sabata yamawa, ndiye bala lija libwerere tsaya lomwelo, kukula komweko, ndipo ngati munkhanimo padutsa masiku atatu lioneke kuti layamba kuuma. Nchifukwa chake amajambula zithunzi za nkhope iliyonse nkulemba zonse m'kope, ndipo amafika mbandakucha osewera asanabwere.

Inuyo muli ndi mwayi, filimu ya William Kamkwamba ija, The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, inajambulidwa kwanu konko. Mukaionerenso muyang'ane nkhope za anthu nthawi ya njala ija, milomo youma ndi fumbi, kenako mutilemberenso zomwe mwaona.