Mmene anthu a kutali ankatsutsira nkhondo ya ku Vietnam ndi kamera

Zikomo amayi ndi abambo, achinyamata kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Asilikali a ku America adatsika pagombe la Da Nang mu March 1965, ndipo nkhondo ya ku Vietnam idatha mu April 1975. Anthu a ku New York kapena Berlin ankaiona pa wailesi yakanema madzulo alionse uku akudya, mpaka maso adazolowera. Opanga mafilimu amene tikuwakamba lero ambiri sadapondeko ku Vietnam. Funso lawo linali lakuti: munthu amene wazolowera kuona mitembo ungamuchititse bwanji kuti ayang'anenso?

Tiyambe ndi chida chenicheni. Ambiri ankagwiritsa ntchito filimu ya 16mm. Ndi kalamba kakatali, kokhala ndi timabowo m'mbali momwe mano a makina amakoka, ndipo pakati pake pali tizithunzi tondondozana. Pa sekondi imodzi pamadutsa tizithunzi 24. Mpukutu wa mafiti 100, omwe ndi mamita pafupifupi 30, uli ndi tizithunzi 4,000, ndiye ukauonetsa sukwana mphindi zitatu. Kamera yotchuka inali ya Bolex, yopukusa ndi dzanja ngati wotchi yakale: ukaipukusa mokwanira imayenda masekondi osakwana 30 n'kuima. Choncho mu 1967, pa sabata ya Angry Arts ku New York, yomwe anthu a zaluso adakonza potsutsa nkhondoyi, pamene adapempha opanga mafilimu kuti aliyense abweretse kake kosaposa mphindi zitatu kotsutsa nkhondo, kunali kunena kuti mpukutu umodzi basi.

Carolee Schneemann, mayi wa ku America, adasonkhanitsa zithunzi za nkhondoyi za m'manyuzipepala ndi m'magazini kwa zaka zingapo. Adaziyala, n'kuika magalasi okulitsa zinthu patsogolo pa kamera, n'kumayendetsa kamerayo pamwamba pa zithunzizo, kuyandikira, kutalikira, chithunzi nkumaoneka bwino kenaka nkuchita chimbuuzi. Filimuyo ndi Viet-Flakes ya 1965, ndipo mawu ake adawalumikiza James Tenney, wopeka nyimbo, kuchokera ku tizidutswa ta nyimbo tosiyanasiyana. Chithunzi chimene munthu adachitsegula m'magazini n'kupitirira, pano chikumugwira, chifukwa diso likuvutika kufufuza kuti ichi n'chiyani, kenaka lizindikira kuti ndi nkhope ya munthu.

Amene mukufuna kuyesa njirayi, ngakhale ndi foni, mverani zomwe zimalakwika. Pepala la magazini limanyezimira. Mukaika nyale kumbuyo kwa kamera, kuwala kumabwerera m'galasi ndipo pakati pa chithunzi pamayera mbee. Ikani nyale ziwiri, ina kumanja ina kumanzere, zopendekeka madigiri 45. Chachiwiri, chithunzi chosindikizidwa chimapangidwa ndi timadontho. Mukayandikira kwambiri mudzaona madontho okhaokha. Ena amafuna zimenezo dala, koma muzidziwa pomwe nkhope imasowera. Chachitatu, galasi lokulitsa limaonetsa bwino pa kamtunda kochepa kwambiri, moti dzanja likanjenjemera pang'ono zonse zasokonekera. Tsamiritsani chigongono patebulo.

Pali njira ina yosafuna kamera n'komwe. Mumatenga filimu yakuda n'kuikanda ndi singano. Mbali imodzi ndi yonyezimira, inayo ndi yosanyezimira, ndipo yosanyezimirayo ndiyo ili ndi mankhwala. Mukakanda yonyezimirayo mwataya nthawi, kuwala sikudutsa. Ndiye kumbukirani 24 uja. Mukalemba liwu pa kachithunzi kamodzi, lingothwanima osawerengeka. Kuti likhale sekondi imodzi muyenera kulilemba maulendo 24, pamalo omwewo pa kachithunzi kalikonse, ndipo poti dzanja silingalondole ndendende, zilembozo zimanjenjemera pakhoma. Kunjenjemerako n'kumene kumazipatsa ukali. Samalani timabowo ta m'mbali. Kamodzi kakang'ambika filimu imakodwa m'makina oonetsera, ndipo nyale yake ndi yotentha moti kachithunzi koima kamasungunuka anthu akuona.

Koma amene adalingalira mozama kuposa onse, kwa ine, ndi Harun Farocki wa ku West Germany, mu 1969. Filimu yake, Nicht löschbares Feuer, kutanthauza moto wosazimitsika, ikukamba za napalm, mafuta okhuthala oyaka omwe amamatirira pakhungu. Iye wakhala patebulo, wavala jekete ndi tayi, akuwerenga umboni wa munthu wa ku Vietnam amene adapsa. Kenaka akufotokoza kuti akakuonetsani mabala a napalm mudzatsinzina, ndipo mukatsinzina pa chithunzi mudzatsinzinanso pa nkhani yonse. Ndiye akutenga ndudu yoyaka n'kuizimitsira pamkono pake. Mawu akumveka akuti ndudu imatentha madigiri 400, napalm madigiri 3,000. Palibe mtembo waonetsedwa, koma aliyense m'holo wagwira mkono wake.

Chotsala cha filimuyo n'chozizira dala. Anthu akuchita sewero la ogwira ntchito ku kampani ya Dow Chemical, yomwe inkapanga napalm, m'zipinda zopanda kanthu, akulankhula mopanda moyo ngati owerenga malisiti. Akusonyeza kuti ntchito ikagawidwa tizidutswa, aliyense amangodziwa kachigawo kake, wina mankhwala awa, wina awo, ndipo palibe amene amaona kuti akupanga chootcha anthu. Ambiri oonera amatopa nacho chigawo chimenechi. Ine ndimati asachidule, chifukwa nkhondo ya kutali imapangidwira m'zipinda zotopetsa ngati zomwezo.

Wina wafunsa za mawu. Pa filimu ya 16mm mawu amakhala m'kamzere ka m'mphepete, ndipo amatsogola tizithunzi 26 patsogolo pa chithunzi chake, chifukwa powerengera mawu m'makina pali patali ndi pagalasi. Ndiye mukadula filimu yomwe ili kale ndi mawu n'kulumikiza ndi ina, mawu a chidutswa choyamba apitirira kumveka kwa sekondi yathunthu, chithunzi chitasintha kale.