Timiyendo tinayi ta pa kamera ya kumbuyo kwa galimoto

Zikomo nonse pobwera ngakhale dzuwa la kuno ku Mangochi laswa mtengo chonchi. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino. Ambiri a inu mumakonza mafoni ndi mawailesi a m'galimoto, ndiye miyendo ya IC, tichipu tija, si yachilendo kwa inu. Lero tikamba za timiyendo tinayi tokha, ta pa kachipu ka kamera ya kumbuyo kwa galimoto.

Kamera ya galimoto ili kumbuyo, kompyuta yake ili kutsogolo kwa dalaivala. Zithunzi zotuluka mu kamera, za mtundu wa MIPI CSI-2, siziyenda mtunda, zimasokonekera msanga. Ndiye pafupi ndi kamera amaikapo kachipu kotchedwa serializer, kamene kamalowetsa zonse mu waya mmodzi wa coax wotalika mpaka mamita 15. Kutsogolo, kachipu kena kotchedwa deserializer kamamasula. Waya yemweyo amapititsanso magetsi ndi mauthenga a I2C, njira imene tichipu timalankhulirana, ku kamera, ngati minibasi ya ku Monkey Bay, popita yanyamula ufa, pobwera usipa.

Kamene ndagwira apa ndi DS90UB953 ya Texas Instruments. Kali ndi timiyendo tinayi ta GPIO, timene ntchito yake amasankha ndi wopanga bolodi. Wina amalumikiza kamodzi ku reset ya kamera, yoiyambitsira mwatsopano, wina kumayatsira magetsi ake.

Vuto ndi ili. Mukalowetsa fulashi ku USB imadzitchula yokha dzina, koma kachipu ka pa I2C kamangokhala duu. Kernel ya Linux, mtima wa pulogalamu yoyendetsa kompyutayo, singadziwe kuti kumapeto kwa waya uja kuli timiyendo pokhapokha wina atalemba. Polembapo ndi pa device tree, fayilo yofotokoza zipangizo zimene zili pa bolodi, ndipo ine ndimaiona ngati kaundula wa amfumu: amene sanalembedwe, makuponi samupeza. Tsono kaundulayo ali ndi malamulo a kalembedwe, otchedwa binding, amene amalembedwa m'mafayilo a mtundu wa YAML.

Yang'anani zimene ndalemba pa bolodi lolemberali. Mzere woyamba, gpio-controller, ukuuza kernel kuti kachipuka kali ndi timiyendo timene ena angabwereke. Wachiwiri, #gpio-cells wofanana ndi 2, ukunena kuti wobwereka aliyense atchule zinthu ziwiri: nambala ya kamwendo, ndiponso ngati kamagwira ntchito magetsi akakwera kapena akatsika. Kamera ikafuna reset imalemba reset-gpios, dzina la serializer, 0, kenako GPIO_ACTIVE_LOW. Achimwene mwaseka, inde, 0. Timawerenga 0, 1, 2, 3. Mukalemba 4 mwatchula mwana amene sanabadwe. Ine ndinataya tsiku lathunthu kamera ili zii chifukwa ndinalemba HIGH pamene pamafunika LOW, kompyuta inkangoigwira kamerayo pa reset, ine n'kumatukwana waya wosalakwa.

Musaganize kuti tonse n'timodzi. DS90UB913, mkulu wake wa aka, nayonso ili ndi tinayi koma totulutsa pokha, simungawerengere nato kanthu. MAX96717, ya banja la GMSL la Maxim, kampani imene Analog Devices inagula mu 2021, ili ndi timiyendo kuyambira 0 mpaka 10. N'chifukwa chake chilichonse chili ndi binding yakeyake.

Apa ndiye pamene ndimakangana ndi achinyamata. Wina amati bolodi langa limagwiritsa ntchito kamwendo kamodzi, ndilembe kamodzi komweko. Ayi. Binding imafotokoza mmene kachipu kalili, osati zimene iwe ukufuna lero. Mawa mnzako ku Lilongwe adzafuna kachitatu, ndipo malamulo amene anthu ayamba kale kuwatsata savuta pang'ono kusintha, chifukwa mabolodi akale ayenera kugwirabe ntchito ndi kernel yatsopano. Madiraiva, mapulogalamu oyendetsera tizichipu ta Texas Instruments timeneti, analowa mu Linux 6.6 mu 2023, ndiye mukatsegula Documentation/devicetree/bindings/media/i2c m'mafayilo a kernel mukapeza ma binding ake. Mukalemba binding yanu, yesani ndi make dt_binding_check musanatumize kwa aliyense.

Chemwali, landirani bolodili, liyende mzere ndi mzere. Gwirani m'mbali, manja athukutawa asakhudze timiyendoto.