Mawu a m'mawa: Kusinkhasinkha Malemba pa nkhani ya chuma

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mawu athu a lero akuchokera pa Yoswa 1:8. Mose atamwalira, Mulungu analamula Yoswa kuti buku la chilamulo lisachoke pakamwa pake, ndiponso kuti azililingalira usana ndi usiku. Ambiri timathamangira kumapeto kwa vesili, kumene kuli lonjezo lakuti zinthu zidzamuyendera bwino, koma timadumpha mawu apakati amene akunena cholinga cha kulingalirako, chomwe ndi chakuti asamale kuchita zonse zolembedwamo.

Masiku ano akhristu ambiri aphunzitsidwa kuti akadzuka azinena mobwerezabwereza kuti, "Ndine wolemera, chuma chikundilondola." Sinditsutsa kulankhula zabwino pa moyo wathu, pakuti munthu amene amadzitemberera tsiku ndi tsiku amafooka asanagwire n'komwe ntchito. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ena asandutsa mavesi kukhala chithumwa chokokera ndalama, ndipo ndalamazo zikapanda kubwera amayamba kukayikira Mulungu pa zinthu zimene Iye sanalonjeze.

Taganizirani za mayi wamasiye wa pa 2 Mafumu 4:1-7. Mwamuna wake, yemwe anali wa m'gulu la aneneri, anamwalira atasiya ngongole, ndipo mwini ngongoleyo anali kubwera kudzatenga ana ake awiri kuti akhale akapolo. Mayiyo atadandaula kwa mneneri Elisa, mneneriyo sanamupatse mawu oti azibwereza, koma anamufunsa chimene anali nacho m'nyumba, ndipo mayiyo anayankha kuti analibe kanthu kupatula mtsuko wa mafuta. Mneneriyo anamutuma kukabwereka ziwiya zopanda kanthu kwa anansi ake, ziwiya zambiri ndithu, kenako kuti adzitsekere m'nyumba ndi ana ake n'kuyamba kutsanulira. Mafutawo sanaleke kutuluka mpaka chiwiya chomaliza chitadzaza. Ngakhale chozizwitsa chitachitika, panali patatsala ntchito yokagulitsa mafutawo ndi kubweza ngongole, ndipo banjalo linayenera kudalira zotsalazo. Onani kuti ngongole ndiyo inayamba kulipidwa.

Deuteronomo 8:18 amatikumbutsa kuti Yehova ndiye amapereka mphamvu zopezera chuma, ndipo Miyambo 10:4 imanena kuti dzanja la munthu wakhama limalemeretsa. Ngakhale lonjezo la pa Afilipi 4:19, lakuti Mulungu adzakwaniritsa zosowa zathu zonse, limene timakonda kulitchula, Paulo analilemba ali m'ndende, ndipo ankalembera anthu amene anali atamutumizira thandizo kudzera mwa Epafrodito.

Choncho m'mawa uno sankhani vesi limodzi, muliwerenge mofatsa ndi kulinena mokweza ngati mukufuna, koma musanyamuke musanadzifunse kuti likukulamulani kuchita chiyani lero. Mwina ndi kuyamba kubweza ngongole imene mwakhala mukuizemba, mwina ndi kuleka kubera makasitomala pa sikelo, kapena kugwiritsa ntchito luso limene mwakhala mukulipeputsa chifukwa likuoneka laling'ono.

Atate, tipatseni mtima womvera zimene tikuwerenga, ndipo dalitsani ntchito ya manja athu lero. M'dzina la Yesu, Ameni.