Dipo lija analandira ndani?

Zikomo amayi ndi abambo. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Lamulungu lapitali mayi wina anandiimitsa pasiteji ya minibasi ku Kawale kuno. Akuti, "Akulu a mpingo, pa Marko 10:45 timamva kuti Yesu anapereka moyo wake dipo la anthu ambiri. Nanga dipolo analandira ndani?" Ndinaseka, koma funsoli linazunguza mitu ya akuluakulu ophunzitsa za Mulungu kalekale.

Mayiwo sanalakwe kufunsa. Wailesi yako ikakhala pa pinyolo kwa wakatapila, umapita ndi ndalama, iye amanyowetsa chala n'kuwerenga, kenako n'kukubwezera katundu wako. Wolandira amakhalapo.

Ndiye Origen wa ku Alexandria, m'zaka za m'ma 200, anati wolandirayo ndi Satana, poti ndiye anatigwira ukapolo. Gregory wa ku Nyssa anachita kufanizira ndi kuwedza: thupi la Yesu nyambo, umulungu wake mbedza, Satana n'kumeza zonse. A ku Salima mwamva kale. Koma mnzake, Gregory wa ku Nazianzus, anakana. Mbala n'kuilipira bwanji pa katundu wakuba?

Cha m'ma 1098 Anselm wa ku Canterbury anati Satana tilibe naye ngongole, mlandu wathu uli ndi Mulungu amene tinam'chotsera ulemu. Mukudziwa pabwalo: ukatukwana mnzako umapepesa ndi nkhuku, ukatukwana amfumu pamafunika mbuzi. Nanga ukanyoza Namalenga? Woyenera kulipira ndi munthu, koma khola lake mulibe kanthu. Wokhoza kulipira ndi Mulungu, koma sanalakwe. N'chifukwa chake, akutero Anselm, panafunika amene ali Mulungu komanso munthu. John Calvin anadzatsindika zakuti Yesu anasenza chilango chathu.

Koma Peter Abelard wa ku France zoti Mulungu alipidwe ndi imfa ya Mwana wakezi sizinam'khalire bwino. Ndi bambo wanji wokondwera ndi magazi a mwana wake wosalakwa? Kwa iye mtanda umaonetsa chikondi chofewetsa mitima, monga pa Aroma 5:8. Ine ndimaona kuti apa pokha m'poperewera, poti womangidwa unyolo safuna kungomva kuti amakondedwa.

Mayi aja ndinawauza kuti Marko sanatchule wolandira, ndipo ife tisam'kakamize. Iwo akuti, "Ndiye kuti wakatapila uja sanadyepo kanthu?" Minibasi inafika ndisanayankhe.

Tsegulani Akolose 2:14, pamene akunena za kalata ya ngongole yokhomedwa pamtanda. Achemwali apakonapo, tatiwerengerani mokweza.