Zimbale za jazz zimene zandisunga kuno ku Joni

Moni abale anga nonse, kaya muli kumudzi kaya muli kunja ngati ine. Lero za mapepala ndi za renti tiziike kaye pambali, ndikufuna tikambeko za jazz, chifukwa ena munandifunsa kuti kodi nyimbo zija zimamveka kumbuyo ndikamajambula ndi zotani.

Nditangofika kuno ku Johannesburg, Lamulungu linali tsiku lowawa kwambiri. Masiku ena ntchito imakuiwalitsa, koma Lamulungu ukangokhala m'kachipinda wekhawekha maganizo onse amathawira kumudzi. Ndiye pali madala ena amene tinkagwira nawo ntchito, tsiku lina anangoti mwana wanga vala bwino tipite ku Mamelodi, dera la ku Pretoria, kumene okonda jazz amakumana. Kumeneko ndinapeza azibambo ndi azimayi akuluakulu, nsapato zopukutidwa mpaka kuwala, zipewa, aliyense wanyamula zimbale zake pakhwapa ngati akupita ku tchalitchi. Munthu akaika chimbale onse zii, wina nkudzuka yekha kuyamba kuvina pang'onopang'ono, okha amati diga.

Chimene anaika tsiku limenelo sindidzachiiwala, Yakhal' Inkomo cha Winston Mankunku Ngozi, cha 1968. Madala aja anandinong'oneza kuti dzinalo likutanthauza kulira kwa ng'ombe. Abale inu, amene munakulira koweta mukudziwa mmene ng'ombe imalirira mnzake akamutengera kophedwa, sakisofoni ya Mankunku imalira chimodzimodzi, imayamba motsitsa kenako nkukwera ngati munthu amene wadziletsa nthawi yayitali ndiye walephera. Nthawi imeneyo inali ya apartheid, ulamuliro watsankho wa azungu, mawu ukanayankhula akanakumanga, iye anangoliza chitoliro basi anthu nkumva zonse. Ine ndinamva za kwathu, ndinakumbuka khola la agogo, misozi inalengeza ndithu pakati pa anthu osawadziwa.

Ndiye amene mukufuna kuyamba kusonkhanitsa, ine ndimati yambani ndi chimenecho. Pachimbale chomwecho pali nyimbo ina imene Mankunku anaipereka kwa John Coltrane ndi Wayne Shorter, oimba sakisofoni a ku America, ndipo ndi imene inandilozera njira ya ku America. Ndinakafuna A Love Supreme cha Coltrane, anachijambula tsiku limodzi lokha mu December 1964, anthu anayi basi, iyeyo, McCoy Tyner pa piyano, Jimmy Garrison pa bezi ndi Elvin Jones pa ng'oma. Chili m'magawo anayi ndipo ndi pemphero lothokoza Mulungu kuyambira poyamba mpaka pothera, gawo lomaliza dzina lake ndi Psalm, salimo. Chimenechi musachimvere mukutsuka mbale ayi, khalani pansi, foni muzimitse.

Kind of Blue cha Miles Davis, 1959, aliyense adzakuuzani, ndipo sakunama. Ine chimene chimandigwira ndi poyambira pa So What, bezi ya Paul Chambers imafunsa, malipenga nkuyankha, ngati mmene amayi amatsogolera nyimbo pamtondo ena nkumavomera.

Koma tibwerere konkuno. Mannenberg cha Abdullah Ibrahim, pamenepo ankadziwika kuti Dollar Brand, chinajambulidwa ku Cape Town mu 1974, pa sakisofoni pali Basil Coetzee. Dzina loti Mannenberg ndi la dera limene boma linkakatayako anthu litawachotsa m'malo awo mokakamiza. Nyimboyo ndi yayitali, imapitirira mphindi 13, piyano imangobwereza kanjira kamodzi komweko koma sutopa nako, ndipo munthu aliyense amene anasiyapo kwawo asakufuna amaimva m'mafupa. Chinanso ndi Verse 1 cha Jazz Epistles, 1960, mmene muli Hugh Masekela, Kippie Moeketsi, Jonas Gwangwa ndi Dollar Brand yemweyo adakali anyamata. Choyambirira chenicheni anadinda zochepa kwambiri, ine sindinachigwirepo m'manja, changa ndi chodindidwanso pambuyo pake ndipo ndimachikonda choncho.

Pogula zakale m'misika, chitulutseni m'chikuto, chipendekeni padzuwa muone mikwingwirima, yendetsanipo chala mofatsa, ngati mzere ukumveka pachala dziwani kuti singano izidumpha pamenepo. Onaninso ngati chinapindika ndi kutentha. Ndipo kunyumba muziziimika chilili, osazisanjikiza.

Madala aja anapuma ntchito chaka chatha nkubwerera kwawo ku Limpopo. Tsiku lotsanzikana anandipatsa chimbale chawo cha Mankunku, chikuto chake chong'ambika m'kona, chomatidwa ndi selotepu yachikasu. Ndi chimenechi ndagwira apa, dikirani nditsitse singano mumve nokha.